Chitini cha Mafuta a ku America

Sabata yatha tinakamanga chiliza pamanda a atsibweni anga, a Yotamu Mwale, kwathu kuseri kwa Chamama. Patha chaka chimwalirireni. Mmisiri atafunsa dzina loti alembe pasimenti, wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Lembani kuti a Chitini, dzina linalo akulidziwa ndani?" Anthu anaseka, kuseka kwachikondi ndithu, pakuti dzinali linawakanirira mpaka ana a dzulodzuloli ankayesa ndi laubatizo. Ine sindinaseke. Mlongo wanga Esinati, amene anagwada kumutu kwa manda, anangowerama n'kumazula udzu pamalo popanda udzu.

Ndifotokoza kumene dzinali linachokera, koma ndiyambe ndanena kuti atsibweni anali munthu wovuta. Ofuna mbiri yodzoza mafuta akafunse alaliki a pamaliro. Anali mchimwene wa mayi athu, ndipo mayi atamwalira, ife tinatsala m'manja mwawo monga mwini mbumba. Akazi awo, a Nabanda, anachita kuwatenga chitengwa kuti iwo asachoke panthaka ya agogo athu. Nyumba zathu zonse zinali mumpanda umodzi wa udzu, ndipo mumpandamo nkhuku yomwe inkadziwa kuti mfumu ndani.

Ankalima fodya wa bale ngati wina aliyense kumeneko. Chosiyana nacho chinali wailesi. Inkapachikidwa pa mkangala m'chigafa, pakati pa masamba ouma, ndipo sinkatcheredwa nyimbo ayi. Ankatchera masiteshoni akunja, aja olankhula ngati munthu ali pansi pa chitsime, ndipo mabatire akafooka ankawayanika padzuwa pamodzi ndi mphale. Wosoka fodya m'chigafa chawo ankatuluka akudziwa mayina a mizinda imene ngakhale aphunzitsi athu ankailumira lilime. Ndale za kuno ankazitcha mkangano wa nkhuku pamadeya, mwini chimanga ali kutali. Mwini chimangayo, m'maganizo awo, anali pulezidenti wa ku America, aliyense amene wakhala pampandopo nthawi imeneyo.

Ankakonda kunena kuti dziko lapansi lagona pamphasa imodzi, bulangete limodzi, ndipo chimphona chili pakati chikangotembenuka, ife a m'mphepete timadzuka tili pambalambanda. Parafini akakwera, feteleza akakwera, ogula fodya ku okushoni akachita nkhope, iwo ankatola kamtengo n'kujambula pansi njira yonse, kuchokera kunyumba ya pulezidenti uja mpaka pamunda wathu. Nthawi zina njirayo inkakhota kwambiri moti ife tinkangotsonya mumtima. Nthawi zina inkakhala yoona, ndipo pamenepo sitinkapuma nawo mpaka fodya atatha m'chigafa.

Mnzawo wokangana naye anali a Nyirenda, Mtumbuka wa ku Kaluluma amene anadzakhala mudzi woyandikana nafe. Awiriwa akapanda kukangana tsiku limenelo, wina ankatuma mwana kukafunsa ngati mnzake wadwala. Ndimakumbukira chaka chimene ku America kunalowa pulezidenti wachikuda, uja bambo ake anali a kuno ku Africa. Anthu anavina pa Chamama ngati wapambana ndi mwana wa m'mudzi. Ena ankati tsopano makuponi a feteleza adzakwanira aliyense, sipadzakhalanso zogawana thumba limodzi mabanja awiri. A Nyirenda anabwera m'chigafa mano onse panja.

"A Mwale, mwana withu wanjira pampando. Tsopano muona."

"Mwana wa yani?"

"Wa kuno. Adada ake mbakuno, nadi."

"Bambo ake anali mkamwini chabe. Mwana ndi wa kuchikazi. Analeredwa ndi ambuye ake a kwa mayi, ndiye mukuti akumbuke inu?"

"Yayi, mwana ngwa dada. Kwathu ndimo tikuchitira."

"Kwanu mumapereka ng'ombe. Mwamva kuti uko kunapita ng'ombe?"

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, Mchewa ndi Mtumbuka kulimbirana mwana wa eni amene sadzamva n'komwe kuti kuli Chamama. Potsiriza atsibweni ananunkhiza fodya wawo wamphuno n'kukumbutsa a Nyirenda kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Makuponi chaka chimenecho anabwera monga mwa masiku onse, operewera.

Koma dzina lija linabadwa kale izi zisanachitike, nthawi ya pulezidenti wina, uja anapititsa nkhondo ku Iraki. Atsibweni ankadana ndi nkhondo kuposa mmene ankadanirana ndi nsabwe za pafodya, ndipo chifukwa chake chinali m'nyumba momwemo. Bambo awo anatengedwa kukamenya nkhondo ya azungu kutsidya kwa nyanja, nabwerako thupi lokha. Mvula ikagunda ankathawira pansi pa nkhokwe, mwamuna wa ndevu zake, ndipo atsibweni ali kamnyamata ndiwo ankakawanyengerera kuti atuluke. Ndiye wailesi itayamba kunena za mabomba ogwera m'mizinda, za ana okumbidwa m'zipupa zakugwa, iwo anasiya kudya bwino. Pambuyo pake zitamveka kuti zida zimene ankazifuna kumeneko sizinapezeke, ananena kuti munthu amene uja akanakhala wa mpingo wathu akanamudula tsiku lomwelo. Anali mkulu wa mpingo, ndipo sankanena zoseka.

Nthawi imeneyo n'kuti kuli njala. Pabwalo la sukulu ankagawa chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira a m'zitini zazitali. Dzina lawo litaitanidwa anapita, nalandira chitini, nachitembenuza. Pambali pake panali mbendera ya mizere ndi nyenyezi. Anachiika pansi pang'onopang'ono, naloza kumanda kwathu, nalankhula kuti bwalo lonse limve.

"Pali amayi anga agona uko, chochokera m'manja mwa munthu ameneyu sichidzaponda nthaka yawo ine ndili moyo. Ndikanama, anditenge."

Kwathu kulumbira pa mayi wakufa si mawu oseweretsa. Amayi ena anagwira pakamwa. Atsibweni anatembenuka chimanjamanja, kusiya zonse, chimanga chomwe. A Nabanda anawaphikira nkhwani wa madzi ndi mchere basi mpaka chimanga chitacha, ndipo moni ankawapatsa kudzera mwa ana. Koma m'midzi dzina lawo linakwera. Anthu omwe analandira zitini zawo n'kuzibisa m'chitenje ankasimba monyadira kuti kwathu kuli mdala amene anakana America pamaso.

Esinati anabwerera mumpanda patapita nthawi pang'ono. Mwamuna wake, dalaivala wa lole yonyamula mabelo, anali atamwalira, ndipo iye anafika ndi ana awiri ndi chifuwa chosatha. Anayamba kuwonda mpaka chitenje kumazungulira kawiri. Manong'onong'o anayamba, ena ati tsempho, ena ati kulodzedwa ndi akuchimuna. Atsibweni sanamvere zimenezo. Anamanga pilo pakaliyala ya njinga, namukweza, namukankha mpaka kuchipatala. Zimene anapezeka nazo tinazidziwa anthu atatu, iyeyo, atsibweni ndi ine. Masiku amenewo matenda aja akadziwika, kapu yako inkaikidwa payokha, ndipo ana ako ankasowa osewera nawo.

Anamuyambitsa mankhwala otalikitsa moyo, amene anali atangoyamba kuperekedwa ulere. Ndinaona ndi maso anga munthu akubwerera kuchokera pakhomo la manda. Pofika nthawi yokolola anali akusenza dengu. Atsibweni ankamuperekeza ulendo uliwonse wokatenga mankhwala, koma m'kati sankalowa, ati fungo la chipatala sagwirizana nalo. Ankakhala panja kulondera njinga. N'chifukwa chake sanaone chimene Esinati anaona tsiku lina: katoni kuseri kwa namwino, ndipo pakatonipo mbendera yomwe ija ya pachitini. Anafunsa kumene mankhwalawo amachokera. Namwino anayankha mokondwa kuti akutithandiza ndi a ku America, pulezidenti wawo yemweyu ndiye walamula ndalama zake.

Esinati amati thupi lonse linamuzizira. Sanaganize za Iraki, sanaganize za iye mwini. Anangokumbukira mawu aja akuti anditenge. Kabotolo ka mankhwala kanali kakugona mumpanda miyezi yonseyi, panthaka ya agogo, ndipo iye anaona kuti wakhala akukumbira atsibweni ake manda osadziwa. Kuwauza sakanatha, pakuti ankawadziwa kuuma mutu kwawo. Kusiya mankhwala sakanathanso, ana anali aang'ono. Ndiye anachita zimene zinamuonekera zanzeru. Malire a nthaka yathu ndi kamtsinje ka kudambo. Kutsidya kwake kunali chigafa chakale cha anthu ena, chosiyidwa. Anakulunga kabotolo m'jumbo n'kukakasomeka m'denga la chigafacho, ndipo m'mawa ndi madzulo ankawoloka, ati akupita kudimba kapena kukatola nkhuni.

Chilimwe chonse zinayenda. Kenaka inafika mvula ya chaka chimene makuponi anayamba. Atsibweni anali kalikiliki, lero kukalembetsa, mawa kukaima pamzere wa feteleza, mkuja kuwokera fodya. Mvula inagwa yosalekeza ndipo kamtsinje kanadzaza. Esinati anayamba kudumphitsa, tsiku lina kumwa, masiku ena ayi. Chifuwa chinabwerera, zilonda zinatuluka m'kamwa. Atsibweni ankazunguzika, n'kumatukwana achipatala kuti apereka mankhwala osukuluka.

M'mawa wina, mvula itagwa usiku wonse, anatsikira kudambo kukaona ngati mizere yakokoloka. Anamupeza Esinati ali m'madzi olekeza m'chiuno, atagwira bango, sangapite kutsogolo, sangabwerere. Anamukoka n'kumukhazika pamtunda.

"Iwe Esinati, ukupita kuti m'madzi otere?"

"Kudimba, atsibweni."

"Dimba lili pansi pa madzi. Ukathyolako chiyani, achule?"

Esinati anangoyamba kufinya chitenje chake.

"Kodi kutsidyaku kuli mwamuna? Nena, ndine nkhoswe yako."

"Kuli mankhwala anga."

"Mankhwala ako akutani kutsidya?"

"Ndi a munthu uja, atsibweni. Ndinaona mbendera pakatoni. Inu munalumbira pa agogo. Ndinaopa angakutengeni."

Esinati amati atsibweni anatembenuka n'kuyang'ana madzi. Iye ankadikira mkuntho, pakuti atsibweni akakwiya ankamveka mpaka kumsewu. Koma anangovula jekete n'kumufunditsa, nathyola ndodo, nalowa m'madzi. Anawoloka, mdala wa imvi, madzi akuwakankha. Pobwerera anaima m'madzi olekeza m'mawondo, osaponda mtunda, kabotolo atakakweza m'mwamba.

"Sendera kuno. Madzi oyenda alibe mwini. Imwa."

Anameza ndi malovu. Atsibweni anamangirira jumbo ija panthambi yolendewera pamadzi, mbali ya kwathu, nati zikhale choncho kaye.

Ananditumizira uthenga kuboma kumene ndinkagwira ntchito, ndipo nditafika ndinanena zimene aliyense wa sukulu akananena. Kabotolo kalowe m'nyumba mwakachetechete, adziwa ndani? Anandiyang'ana ngati ndalankhula ndili m'tulo. Anati ine sindikhulupirira za malumbiro, iwo amakhulupirira mwa apo ndi apo, koma Esinati amakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo tsiku limene iwo adzangotsokomola, iye adzataya mankhwalawo kuchimbudzi. Anatinso za nthambi zija ndi kupusitsa amayi awo ngati mwana. Mawu olumbirira pagulu amabwezedwa pagulu, pamalo pomwepo.

"Ndiye anthu akafunsa chifukwa chake mudzati chiyani?" ndinafunsa.

"Adzapeza okha chifukwa. Anthu sasowa chifukwa."

Njala inali itabweranso chaka chimenecho, ndipo zitini zinafikanso pabwalo la sukulu. Ine ndinalipo. Kunadzaza anthu a midzi yonse yozungulira. Dzina la a Mwale ankangoliitana mwamwambo, podziwa kuti sabwera. Tsiku limenelo anayankha. Anatuluka pagulu atanyamula chikho cha madzi, nagwada m'matope atayang'ana kumanda. Anaitana amayi awo ndi dzina la mfunda wawo, nati mawu aja analankhula ndi mtima wotentha, akuwabweza, asagwire munthu aliyense wa mumpanda mwawo. Anamwa madzi, nawalavulira pansi. Atatero anadzuka, mawondo ali matope okhaokha, natambasula manja onse awiri kulandira chitini.

 Kenaka a Nyirenda anafunsa, ndipo ndikhulupirira kuti anafunsa modabwa, osati monyoza.

"A Mwale, kasi nkhondo yamala?"

"Sinathe."

"Nanga chitini?"

"Ndikufuna mafuta."

Bwalo linaphulika. Anyamata anaimba mluzu, wina anakuwa kuti njala ilibe mkulu wa mpingo. Amene ankanyadira dzulo ndiwo anaseka kwambiri, mwina chifukwa zitini zawo zobisa zija zinawapepukira. Ine manyazi ndi ukali zinandigwira, ndinafuna kukwera pa benchi ndiwauze onse. Atsibweni anandiponyera diso limodzi, ndipo ndinakhala pansi.

Chitinicho sanachibise m'thumba. Anachisenza pamutu ngati mayi wochokera kumjigo, nadutsa nacho pakati pa mudzi, ana akuwatsatira. Atalowa mumpanda anachitula pakhomo pa Esinati, padothi penipeni.

"Waona? Chaponda. Ine ndili pano."

Anakhala pakhondepo mpaka dzuwa kulowa, osapita kumunda, kuti iye aone kuti palibe chawagwera. Madzulo anamuuza kuti akatenge zake kudambo, aziika pamutu pa mphasa.

Akulu a mpingo anawaitana. Mkulu wa mpingo kugwada pagulu n'kumalankhula ndi akufa, n'kulavula madzi ngati wachikunja, sizikanangopita. Anawafunsa chimene chinawachititsa, ndipo iwo anati palibe chowonjezera. Anawaimitsa paudindo. Nthawi yawo itatha anawabwezera, koma ulemu uja sunabwerere wonse. Pamilandu ya m'mudzi akalankhula molimba, pankapezeka wina wotsokomola n'kunena kuti tidikire chitini chifike. A Nyirenda sankadutsa pampanda osafunsa ngati mafuta akadalipo. Atsibweni ankayankha kuti alipo, alowe adzanyambite. A Nyirenda anatsogola kumanda osadziwa kanthu, ndipo atsibweni anawalira ngati mbale wawo. Chimenechi chimandipweteka mpaka lero, kuti mnzawo wapamtima anapita akuwayesa munthu wogonja ndi mimba.

Musaganize kuti anasintha maganizo pa pulezidenti wa nkhondo uja. Ankati mapiritsi a Esinati sadzutsa ana a ku Iraki, ndipo ana a ku Iraki sachotsa kuti Esinati ali moyo. Ndinawafunsa tsiku lina kuti nanga munthu wotero timuike pati. Anati ayesa kumuika pa sikelo zaka zambiri, koma fodya wake ndi wosakaniza, tsamba labwino ndi lowola m'ndindi imodzi, ndipo wosankha wake ndi Mulungu. Atatsika pampando pulezidentiyo, ananena kuti akanakumana naye panjira akanamupatsa moni, koma wa dzanja limodzi. Kwa munthu amene ankatikalipira tikalandira ngakhale mchere ndi dzanja limodzi, chimenecho chinali chigamulo chathunthu.

Anakalamba akadali wolongolola. Ankadana ndi fodya wosankhidwa mwaulesi, nyimbo zofulumira m'tchalitchi, ndi achinyamata oyenda manja m'thumba. Anapitiriza kumuperekeza Esinati kuchipatala mpaka miyendo itakana njinga, ndipo itakana ankamudikira pachipata cha mpanda kuti aone kabotolo katsopano ndi maso awo. Anamwalira nthawi yofesa nazale, atadwala masiku ochepa, Esinati atawagwira mutu.

Patangopita miyezi pang'ono tinamva kuti ku America kwalowa pulezidenti wina amene waimitsa thandizo lopita kumayiko ngati lathu. Esinati, amene lero ali ndi zidzukulu, akupitabe kuchipatala ndipo mpaka pano akulandira. Akafunsa za kutsogolo, namwino amangoti tiona. Titachoka kumanda sabata yatha anandikokera pambali.

"Achimwene, lembani zija. Dzina langa lomwe muikepo. Anyamula manyazi anga nthawi yaitali, akapumule."

A Nabanda anasudzulidwa n'kubwerera kwawo, ndipo nyumba ya malemu tinaigwetsa monga mwa mwambo. Pamene inali patsala bwalo losalala, ndi kamtumbira ka dothi lofiira kumene kunali khonde. Maungu odzimerera ayamba kuyanga pamenepo. Esinati amasesapo tsiku lililonse ngakhale palibe wokhalapo. M'mawa amaima pakati pa bwalolo ndi kapu ya madzi, poyera, aliyense wodutsa akuona. Akameza, amagwedeza kabotolo pafupi ndi khutu kuti amve mapiritsi otsala, ndipo palibenso woti amufunse ngati ena adzabwera.